Za Tauni ya Kirkby, Sitolo Yaikulu ndi Bwalo la Mpira

 Mwezi uno tafuna kukamba nanu za mlandu wina umene unachitika kutali, m'dziko la England, pa tauni yotchedwa Kirkby. Ndipo ngakhale tauniyo ili kutsidya kwa nyanja zazikulu, mlandu wake ngwoyenera kuumva ife tonse amene tikhala m'timatauni tating'ono, pakuti akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anyamata athu ambiri adziwa maina a matimu a mpira a ku England koposa maina a mafumu a kwawo, ndipo dzina la Everton si lachilendo m'makutu mwawo. Koma owerengeka okha ndiwo anamva kuti timu imeneyi inafuna kusamukira ku Kirkby pamodzi ndi sitolo yaikulu ya Tesco, ndi kuti eni tauni anagawikana chifukwa cha nkhaniyi zaka zitatu zathunthu.

Tiyambe ndi tauni yomweyo. Kirkby ali pa mtunda wa makilomita ngati 10 kuchokera ku mzinda wa Liverpool, kumpoto chakum'mawa. Kale unali mudzi wa alimi, wa minda, tchalitchi ndi nyumba zowerengeka. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma linamangapo fakitale yaikulu ya zipolopolo ndi mabomba. Ndipo nkhondo itatha, akulu a mzinda wa Liverpool anagula malo ambiri pamenepo, namanga nyumba zikwizikwi, nasamutsiramo mabanja amene nyumba zawo za mumzinda zinagumuka ndi mabomba, kapena zinali zosayeneranso kugonamo munthu. M'chaka cha 1951 anthu a ku Kirkby anali ngati 3,000 okha, koma pofika 1961 anapitirira 50,000. Taganizani, abale, mudzi kukula chotero m'zaka khumi! Nyumba zinafulumira, koma masitolo ndi malo ochezera zinatsalira m'mbuyo. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mafakitale ambiri anatsekedwa, ntchito zinasowa, anthu ena nachoka. Ndipo sitolo yaikulu ya Asda, imene inali pakati pa tauni, inatsekedwanso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kuyambira pamenepo, mayi wa ku Kirkby wofuna kugulira banja lake zakudya zambiri pa mtengo wotsika ankayenera kukwera basi kunka ku tauni ina.

Musayese kuti anthu amenewa ngodana ndi masewera. John Conteh, mwana wa bambo wa ku Sierra Leone, amene anakhala katswiri wa nkhonya wa dziko lonse m'chaka cha 1974, anakulira ku Kirkby. Leighton Baines, amene anasewera m'timu ya Everton kuyambira 2007 kufikira 2020, anabadwira komweko. Ndipo timu ya Liverpool iphunzitsira anyamata ake pa tauni yomweyo chiyambire 1998. Mpira uli m'magazi mwawo monga uliri m'magazi mwa ana athu.

Tsono timu ya Everton inali ndi vuto lake. Inali kusewera pa bwalo la Goodison Park chiyambire 1892, bwalo lakale lolowa anthu ngati 40,000, lopanikizika pakati pa nyumba za anthu, losatheka kulikuza popanda kugumula misewu yathunthu. Ndalama zomangira lina inalibe zokwanira. Chakumapeto kwa 2006 anapangana atatu, timu ya Everton, kampani ya Tesco, ndi khonsolo ya Knowsley imene ilamulira Kirkby. Mkulu wa Tesco pa nthawiyo anali Terry Leahy, mbadwa ya ku Liverpool, wochemerera Everton kuyambira ubwana wake. Chipangano chawo chinali chakuti kummwera kwa pakati pa tauni kumangidwe bwalo lolowa anthu 50,000, sitolo yaikulu ya Tesco, ndi masitolo ena ambiri. Ndipo ntchito yonseyo anaiwerengera mapaundi ngati 400 miliyoni.

Apa mvetsetsani, pakuti pagona mlandu mpamenepa. Bwalo lokhalo linati lidye mapaundi ngati 130 miliyoni. Mwa ndalama izi, Everton inati ipeze 78 miliyoni, ndipo 52 miliyoni zotsalazo zinayenera kuchokera ku phindu la malo a masitolo aja. Tiyerekeze kuti bwalo ndilo ngolo, masitolo ndiwo ng'ombe zokoka. Ngolo ikalemera, ng'ombe ziyenera kuchuluka; ndipo ng'ombe zikachuluka, msipu wa pakhomo sukwanira, zidya ndi wa anansi womwe. Tauni ya anthu ngati 40,000 siikanatha kudyetsa masitolo ochuluka chotero ndi ogula ake okha. Kunayenera kuti ogula achoke ku matauni ena oyandikana nayo, nasiye masitolo a kwawo. Chotero kukula kwa masitolo sikunayesedwe ndi njala ya anthu a ku Kirkby, koma ndi mtengo wa bwalo la alendo.

Nanga anafunsidwa ndani? Mu Ogasiti 2007 timu ya Everton inachititsa chisankho pakati pa otsatira ake, ndiwo ogula matikiti a chaka chonse, eni masheya ndi mamembala ena. Ovomera kusamuka anali 15,230, okana anali 10,468; ndipo okanawo anali ndi gulu lawo lotchedwa Keep Everton In Our City, ndiko kunena kuti timu isachoke mumzinda mwawo. Chisankho chimenechi chinamveka m'manyuzipepala onse. Koma taonani, ovotawo anali alendo odzafika ku Kirkby tsiku la mpira, nabwerera kwawo madzulo. Mayi wa nyumba yoyang'anana ndi malo a bwalolo, ngati analibe tikiti ya Everton, analibe mawu m'chisankho chija. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wotsala ndi zinyalala, phokoso ndi ngongole ndiye mwini mudzi.

Chifukwa chake eni tauni ena anasonkhana, napanga gulu lotchedwa Kirkby Residents Action Group, ndipo ena anaimira pa chisankho cha makhansala m'chaka cha 2008 pa dzina la 1st 4 Kirkby. Nkhawa zawo sizinali zachibwana. Anati, tsiku la mpira kudzafika anthu ochuluka koposa eni tauni onse, ana ndi nkhalamba zomwe. Ndipo masiku oterewa ali 19 pa chaka m'ligi yokha, osawerengera masewera a zikho. Sitima ya pamtunda yochokera ku Liverpool inkathera pa Kirkby pa njanji imodzi yokha: kodi khamu lotere likakwera bwanji? Magalimoto akaima pati, ngati si pa makomo a anthu? Wodwala wofuna kuthamangira naye kuchipatala akadutsa njira iti? Anatinso, nyumba zina za anthu ziyenera kugumulidwa, ndipo malo a udzu pamene ana asewera ndi akulu apitidwa mphepo adzasanduka konkire ndi phula. Amalonda a pamsika ndi eni timasitolo ta pakati pa tauni yakale anaopa kuti ogula onse adzaolokera kutsidya kwa msewu, kumene kuli masitolo atsopano, iwo nadzatsala alikuingitsa ntchentche.

Koma tikanena zoona, tinenenso za mbali inayo, pakuti mlandu sautha pomva munthu mmodzi. Panali eni tauni ambiri, anthu aulemu ndi okonda kwawo, amene anaifuna ntchitoyi ndi mtima wonse. Iwo anati, zaka makumi atatu takhala opanda sitolo yaikulu. Ana athu amaliza sukulu nakhala m'nyumba opanda ntchito. Palibe wina anadza ndi ndalama zotere, ndipo tikamkana uyu, adzabwera liti wina? Walira mvula walira matope. Phokoso la masiku owerengeka pa chaka tidzalipirira, malinga ana athu alembedwe ntchito. Kodi mau awa ngoipa? Iai ndithu. Munthu amene sanaonepo mwana wake wamkulu akupempha ndalama ya sopo kwa amake asafulumire kuwaweruza. Chowawa m'mlandu uwu n'chakuti osauka anatsutsana ndi osauka anzawo, mnansi ndi mnansi, pa chinthu chimene anachikonza ena ali m'maofesi akutali.

Khonsolo ya Knowsley inavomereza ntchitoyi mu Juni 2008. Koma malamulo a ku England alola boma lalikulu kuitanitsa mlandu wotere ngati ukhudza madera ambiri. Ndipo makhonsolo oyandikana nawo, a Liverpool, Sefton, West Lancashire ndi St Helens, anadandaula chifukwa cha masitolo a kwawo. Mu Ogasiti 2008 boma linauitanitsa, ndipo kuyambira Novembala 2008 kufikira Febuluwale 2009 kunakhala bwalo la kafukufuku pa Kirkby pomwepo, poyera, pamaso pa wofufuza wotumidwa ndi boma. Kumeneko maloya a makampani analankhula, akatswiri a misewu ndi a malonda anapereka umboni, ndipo anthu wamba a m'tauni anapatsidwanso mpata woimirira ndi kunena zakukhosi. Mu Novembala 2009 nduna ya boma John Denham inakana ntchito yonseyo. Zifukwa zake zinali zomwe zija anazinena anthu: kuti masitolo anali aakulu kopitirira msinkhu wa tauniyo, kuti akanafooketsa malonda a matauni ena monga Bootle, Skelmersdale ndi St Helens, ndi kuti bwalo likanasautsa anthu ambiri okhala pafupi nalo.

Wolemba nthano akanalekezera pano, nati, ang'ono anagonjetsa akulu, onse nakondwera. Koma zimene zinatsata tiyenera kuzimva, chifukwa mwa izo muli phunziro lolemera. Kampani ya Tesco inali itagula malo ambiri a pakati pa tauniyo. M'chaka cha 2011 inaloledwa kumanga masitolo ocheperapo, popanda bwalo, anthu nayembekeza. Chaka chinatha, china nichitha, sitolo osaoneka. M'chaka cha 2014 kampaniyo inagwa m'mavuto a ndalama, ndipo mu Januwale 2015 inalengeza kuti itseka masitolo ake 43, ndi kuti masitolo ena 49 amene inalonjeza kumanga siidzawamanganso. Kirkby anali m'kati mwa chiwerengero chimenecho. Malowo anagulidwa ndi kampani ina yotchedwa St Modwen chaka chomwecho, koma sitolo yaikulu inachedwabe, kufikira m'chaka cha 2019 khonsolo ya Knowsley inagula yokha pakati pa tauni ndi mapaundi oposa 40 miliyoni. Pamenepo ntchito inayenda, ndipo mu Okutobala 2021 sitolo ya Morrisons inatsegulidwa, ndiyo sitolo yaikulu yoyamba pa Kirkby patapita zaka zoposa 40. Mwana wobadwa chaka chimene akulu aja anayamba kupangana anali ndi zaka 15 pamene amake anayamba kugula m'sitolo ya kwawo.

Nayo timu ya Everton inapeza malo ena mumzinda wa Liverpool momwemo, pa doko lakale la Bramley-Moore m'mbali mwa mtsinje wa Mersey. Inasewera masewera ake otsiriza a ligi pa Goodison Park mu Meyi 2025, nilowa m'bwalo latsopano la anthu oposa 52,000 mu Ogasiti chaka chomwecho. Motero bwalo linamangidwa popanda sitolo, sitolo inamangidwa popanda bwalo, chilichonse pamalo pake ndi pa msinkhu wake. Chikhalirecho m'chaka cha 2007 anthu anauzidwa kuti china sichingatheke popanda chinzake.

Mwina mufunsa kuti tatengeranji nkhani yakutali chotere. Kuno kumene tikhala kuli bwalo la fumbi pakati pa msika ndi sukulu. Zigoli zake ndi milimo ya bulugamu, mizere yake aithira ndi phulusa. Loweruka lililonse, tikangomaliza kuphunzitsa ana, onse athamangira komweko. Anyamata ndi mpira wawo wachikulunga, atsikana ndi mpira wa manja kumbali ya mtengo wa mango. Pomwepo achitira misonkhano ya mfumu, pomwepo alandirira chimanga chaka cha njala, ndipo amayi ogulitsa mandasi ndi nzimbe apezerapo ya mchere tsiku la masewera. Chaka chatha kunafika anthu pa galimoto, natulutsa chingwe choyezera, nakhoma zikhomo m'ngodya zinayi, nabwerera osapereka moni kwa munthu. Mbiri inamveka yakuti padzamangidwa sitolo yaikulu, ndi kuti anyamata adzawamangira bwalo lokongola la mpanda kunja kwa tauni. Kuyambira tsiku limenelo tamva mau omwe aja a ku Kirkby m'chinenero chathu. Mnyamata wina wosalembedwa ntchito anatiuza kuti, "Bambo, fumbi sitidya, abwere amange." Mayi wina wa pamsika anati, "Aphunzitsi, tomato wanga ndidzagulitsa kwa yani?" Onse awiri ananena zoona, ndipo onse awiri ndi ana a mudzi umodzi.

Ife sitidana ndi sitolo. Tikondwera kugula shuga ndi sopo pa mtengo wolembedwa, pamalo aukhondo, osayenda ulendo wa tsiku lathunthu. Tikondweranso kuona mwana wa mnansi atavala yunifolomu ya ntchito. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo wanzeru aung'amba mkuyu asanaudye. Mlandu wa Kirkby watiphunzitsa mafunso asanu, amene tiwapereka kwa inu kuti muwasunge kufikira tsiku limene zikhomo zidzakhomedwa kwanu.

Loyamba: afunsidwa ndani? Kodi ndi iwo ogona pamalopo, kapena odzangofikapo masana? Mau a mfumu ndi a khansala ngofunika, koma salowa m'malo mwa msonkhano wapoyera, woitanidwa nthawi ilipo, pamene mayi wa pamsika, mphunzitsi ndi mnyamata wa mpira aloledwa kuimirira.

Lachiwiri: chilipira chinzake n'chiti? Munthu akadza ndi mphatso ziwiri zomangidwa mtolo umodzi, nati simungalandire ina popanda inzake, m'pempheni amasule mtolowo, muone chimene chisenza ndi chimene chisenzedwa. Ku Kirkby, mtolo utamasulidwa pa bwalo la kafukufuku, kunaoneka kuti masitolo anakuzidwa kuti asenze ngongole ya bwalo.

Lachitatu: chiyambe n'chiti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Bwalo latsopano lithe, ana aliponde, pamenepo mpanda uzingidwe pa lakale. Lonjezo lilembedwe papepala, ndi tsiku lake, ndi mboni zake. Kulembedwenso chimene chidzachitike ngati kampani isintha maganizo, kuti malo abwerere kwa eni ake, asakhale thengo lotsekedwa. Kampani ya Tesco inali yaikulu koposa masitolo onse a zakudya a m'dzikomo, komabe mavuto ataipeza inasiya Kirkby pamodzi ndi malo ena 48 tsiku limodzi. Ngati wamkulu chotero alephera kusunga lonjezo, nanga wamng'ono?

Lachinayi: adzalowamo ndani? Pali mabwalo awiri osiyana, ngakhale dzina lawo ndi limodzi. Lina ndilo losewerapo ana, lopanda chipata, lopanda mlonda, loyandikira kuti mayi aitane mwana wake nsima ikapsa. Lina ndilo loonerapo masewera, la mpanda ndi tikiti, lotsegulidwa tsiku la mpikisano lokha. Onse awiri ngabwino, koma lachiwiri silingalipire loyamba. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sadzayenda mtunda wautali madzulo kukasewera, ndipo mtsikana makolo ake sadzamlola. Ana akasowa posewera, tidziwa tonse kumene amapita.

Lachisanu, ndilo lolemera koposa: tikakana, tifuna chiyani m'malo mwake? Anthu a ku Kirkby anakana chinthu chosayenera msinkhu wawo, ndipo boma linaona kuti ananena zoona. Koma anayembekeza zaka 12 kuti alandire chowayenera, ndipo m'zaka zimenezo anavutika ndi iwo omwe aja amene anati tilandire. Kukana kokha sikulemba mwana ntchito. Mudzi wokana uyenera kuloza malo ena, nunene kuti, mangani apa, pa msinkhu wakuti, ndipo tidzagula kwa inu. Uyeneranso kuumiriza akulu ake chaka ndi chaka kufikira chinthu chioneke. Ntchito ya ku Kirkby inayenda pamene khonsolo yawo inaleka kuyembekeza alendo, niigwira ndi manja ake.

Tsono, abale, tikupemphani ichi. Pamene nkhani yotere ifika kwanu, musaikambire kuseri kokha, pa mjigo ndi pa chigayo, kumene mau akula koma safika kwa woyenera kuwamva. Pitani ku msonkhano, atate ndi amayi pamodzi. Tengani wodziwa kuwerenga mapepala a boma, pemphani mapu, funsani mafunso asanu aja mwaulemu ndi mosatopa, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo mnansi wanu akakhala mbali ina, musam'tche wogulidwa kapena wodana ndi chitukuko. Kampani idzabwera nidzapita, koma iye ndiye adzasenza nanu maliro. Inu anyamata okonda Everton ndi Liverpool, mukamaonera masewera pa kanema, kumbukiraninso bwalo la fumbi limene linakuphunzitsani kumenya mpira, ndipo mufike pa msonkhano kudzalilankhulira, chifukwa ang'ono anu sanafike msinkhu wolankhula pa bwalo la akulu.

Tsalani bwino nonse, ndipo mupereke moni wathu kwa ana ndi kwa odwala a m'nyumba zanu.